Kabotolo Kozizira

Mutu Wachisanu ndi Chimodzi

1. Kambale ka achimwene

Mzime analowa m'labu m'mawa umenewo mtima uli m'mwamba. Moni sanapereke kwa aliyense. Anangoponya chikwama pampando, kuvala khoti loyera osamanga n'komwe mabatani, n'kulunjika ku inkubeta, kabati yofunda ija imene amagonekamo timbale kuti tizilombo timere.

Dzina loti Mzime linachokera kwawo, poti ndiye anali womaliza kubadwa. Linamutsatira kusukulu, n'kumutsatiranso kuchipatala kuno, kumene anamutumiza kudzaphunzira ntchito yoyeza tizilombo toyambitsa matenda. Anali mtsikana wa mutu wogwira ndi manja opepuka. Chilema chake chinali chimodzi: ankakhulupirira kuti munthu wachangu angagwire ntchito zonse nthawi imodzi popanda ina kumugwa m'manja.

Kambale kamene ankafuna kanali pashelefu yapakati. Kanali ka achimwene ake.

Achimwenewo ndi amene anamulera bambo awo atamwalira. Tsopano anali gone kuwodi ya abambo. Chitsulo chinawacheka pamsongolo ali kuntchito, bala linatukusira, ndipo mankhwala amene anawapatsa sanaphule kanthu. Mwendo unatupa n'kumanyezimira. Dokotala wa maopaleshoni anali atanena mosapsatira: labu ikapanda kupeza msanga mankhwala opha tizilomboto, ayamba kuganiza zodula.

Mafinya a pabalapo anawapaka pakambale dzulo lake. Usiku wonse tizilombo tinamera, timadontho tachikasu mbali ina, totuwa mbali inayo. Mzime anakakweza kambaleko kukuwala.

"Bweza pamene wakatenga, utseke chitseko. Ukuziziritsa ana a eni ake."

Anali adokotala akuluakulu a labuyo, katswiri wa tizilombo, mayi wamfupi wa imvi m'mbali mwa mutu. Ophunzira ankawatcha Mayi Sefa, koma chakumbali, chifukwa ntchito iliyonse yofika pakhomo pawo ankayamba aisefa: iyi tsopano, iyi masana, iyi mawa. Sankathamanga, sankakuwa, koma palibe amene anawaonapo ntchito itawathera dzuwa.

"Adokotala, n'ka achimwene anga," anatero Mzime.

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndati ubweze."

2. Mafunso awiri

Tsikulo labu inali yopanda anthu. Wamkulu wa oyeza anapita kumaliro, mnzake anali patchuthi, ndipo wina amene anatsala anamubwereka ku mbali yoyeza magazi. Pathebulo lolandirira zinthu panali patadzaza kale: mabotolo a mkodzo, makhololo, timitengo ta thonje topaka pamabala, zonse zili mbwee.

Mayi Sefa anavala magolovesi n'kuyamba kuzigawa m'milu. Mzime anaima pambali, maso akungobwerera ku inkubeta.

"Tandiyang'ana kuno," anatero mayiwo. "Ndikuyankhula kamodzi, chifukwa andiitana kuwodi ya odwala mwakayakaya. Kumeneko odwala ayamba kutentha thupi mmodzimmodzi, ndiye ndikayang'ane kumene kukuchokera vuto. Utsala wekha, choncho tchera khutu.

"Kumpopi, kuchigayo, pokwera basi, woyamba kufika ndiye woyamba kuthandizidwa. Kumeneko n'chilungamo. Kuno ukatero upha munthu. Kuno chinthu chikafika umachifunsa mafunso awiri. Loyamba: mwini wake akadikira, chimuchitikire n'chiyani? Lachiwiri: chinthu chenichenichi chikadikira, chiwonongeka kapena ayi?

"Taona mkodzo uwu. Eni ake abwera okha ndi miyendo yawo, ndipo abwerera okha. Ika mufiriji, udikira mpaka masana osadandaula. Makhololo awa nawonso adikira. Koma zilipo zinthu zimene sizidziwa kudikira. Magazi a munthu amene thupi lonse lagwidwa ndi tizilombo. Chilichonse chochokera kufiyeta, kochitira maopaleshoni, munthu ali pathebulo. Ndipo koposa zonse, madzi a mumsana. Madzi a mumsana akalowa pakhomo apo, chimene uli nacho m'manja uchiike pansi, undiimbire foni nthawi yomweyo. Ngakhale utamva kuti ndili pakati pa msonkhano ndi akuluakulu, imba.

"Chinanso. Amene amafuula kwambiri pawindo si amene akudwala kwambiri. Wodwala kwambiri nthawi zambiri samveka n'komwe, alibe mphamvu yofuulira. Ukamatsata phokoso, tsiku lako lonse aliyendetsa ndi anthu a pakamwa."

"Ndamva, adokotala. Nanga ka achimwene?"

"Ndidzakagwira ndekha ndikabwera. Pali mitundu iwiri pamenepo, ndiyenera kuilekanitsa n'kuika timapepala ta mankhwala kuti tione amene akupha tizilomboto. Iwe usakakhudze. Munthu sayeza m'bale wake. Maso amene alira saona bwino."

"Mubwera nthawi yanji?"

"Masana asanapite. Mwendo wa achimwene ako sindinauiwale, mwana wanga. Uli pamalo pake m'mutu mwangamu."

Anavula magolovesi, kusamba m'manja, n'kutuluka ndi kayendedwe kawo kosafulumira kaja. Mzime anawayang'ana mpaka anakhota. Kwa nthawi yoyamba chifikireni, kayendedwe kameneko kanamupsetsa mtima.

3. Mzere wa cholembera

Anayamba bwinobwino. Mkodzo analowetsa mufiriji, makhololo anaika pambali, n'kuyatsa lawi lowotchera kawaya kopakira tizilombo. Asanapite patali, wina anagogoda pakawindo kolandirira zinthu.

Anali alamu ake, mkazi wa achimwene aja. Anali atagona pabenchi lakunja kwa wodi chigonekedwere amuna awo, ndipo maso awo anali ofiira ngati athiridwa tsabola.

"Mlamu, zatuluka?"

"Sizinatuluke, alamu. Tizilombo tamera, koma pali gawo lina loti tichite."

"Ndiye mukuchita?"

"Adokotala ati achita okha akabwera."

"Apita kuti?"

"Kuwodi ina."

Alamu aja anagwira chitsulo cha pawindo ndi manja onse awiri.

"Tamverani, mlamu. Dzulo dokotala uja anatenga cholembera n'kulemba mzere pamwendo wa achimwene anu, pansi pa bondo. Lero wabwera, wayang'ana, wapukusa mutu, walemba wina pamwamba pa bondo. Ine sindinapite patali ndi sukulu, koma ndimadziwa kuti telala akalemba mzere pansalu, chotsatira ndi sizasi."

"Ayi alamu, si wodulira umenewo. Amalemba kuti aone ngati kutupa kukukwera."

"Ndiye kwakwera."

Kutupa kukadumpha mzere, ndiye kuti mankhwala akugonja, ndipo zimenezi Mzime anazidziwa bwino kuposa alamu akewo.

"Achimwene anu sakudandaula, mukuwadziwa," anapitiriza mayiyo, mawu atatsika. "M'mawa uno akundiuza kuti, 'Usamuvutitse mwanayo, ali pantchito ya eni ake.' Munthu mano akugwedera ndi kuzizira, koma akuganiza za inu. Ankakuberekani kumsana pokuperekezani kusukulu mtsinje ukadzaza, ndi miyendo yomweyo. Lero mwavala zoyera, kambale kawo kali kuseri kwanuko, manja muli nawo, nzeru muli nazo, mukuti mudikire munthu amene wapita koyenda?"

"Sanapite koyenda, alamu."

"Kaya. Ine ndakhala pompano. Sindichoka."

Anakhaladi pabenchi loyang'anizana ndi windo, pamalo poti Mzime akangodzutsa mutu, maso awo akumane.

Mtsikanayo anapirira kanthawi. Anapaka kambale kamodzi ka munthu wina, n'kulakwitsa, n'kuyambiranso. Kenaka anaika kawaya pansi. Ntchito yoika timapepala ta mankhwala anaiona ikuchitika kambirimbiri, ndipo anaichitapo yekha Mayi Sefa ataima pambuyo pake. Panalibe chachilendo. Anatsegula inkubeta n'kutulutsa kambale ka achimwene ake.

Kunja kwa windo, alamu anagwedeza mutu, nkhope itamasuka pang'ono.

4. M'chikhatho cha namwino

Ntchito imeneyi imafuna mtima wokhazikika. Umatola tizilombo ta mtundu umodzi ndi kawaya, kusungunula m'timadzi ta m'chubu mpaka titachita mbuu pamlingo wake, kupaka pakambale katsopano mbali zonse, kenaka kuyalapo timapepala tozungulira, kalikonse ka mankhwala ake. Ukasungunula sufunika kuchedwa kupaka, ukapaka sufunika kuchedwa kuyala. Ndipo apa mitundu inali iwiri, ntchito yonse kawiri.

Mzime anali atangosungunula mtundu woyamba pamene chitseko chinatseguka popanda kugogoda.

Analowa namwino wa kuwodi ya ana, wefuwefu, dzanja lamanja atalifumbata pachifuwa. Sanatume wonyamula zinthu monga mwa masiku onse. Anabwera yekha.

"Adokotala ali kuti?"

"Atuluka, sisitala. Ndilipo ndine."

Namwinoyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kufumbatula dzanja. Munali kabotolo kakang'ono, pansi pake timadzi tochepa, totuwa ngati madzi otsukira mpunga.

"Madzi a mumsana. Khanda la miyezi yochepa, labwera likukomoka, khosi gwa, liwombo latupa. Tavutika nalo, mwana wanga. Dokotala wabaya, wabayanso, mwana akulira mpaka mawu kutha, ndiye tapeza timadontho timeneti. Palibenso ena. Titangotenga tamubaya mankhwala oyamba, koma tikungoponya mumdima. Tiuzeni msanga chimene chili m'menemu."

"Ikani pathebulopo, sisitala."

"Ayi, landira m'manja. Ndione kuti walandira."

Mzime anaika chubu cha achimwene ake pachoimikira n'kutambasula dzanja. Kabotoloko kanali kofunda ndi thupi la namwinoyo.

"Uwaimbira adokotala?"

"Ndiwaimbira."

Namwino anatuluka chothamanga. M'labu munatsala zii, kupatula lawi lija likulira pang'onopang'ono.

Foni inali pakhoma, mkono umodzi kuchokera pamene Mzime anaima. Akaimba, Mayi Sefa abwera, ndipo choyamba kuona chikhala kambale ka achimwene kali kotsegula. Achiika pambali, chubu chosungunula kale chija chiwonongeka, ndipo ntchito yonse idikira mpaka za khandazo zithe. Anadzutsa mutu. Alamu anali ataimirira, akuyang'ana chubu chimene anasiya chija.

"Kanthawi kochepa chabe," ananong'ona Mzime. "Ndingomaliza apa."

Sanafune kuti kabotoloko kaonongeke podikira. Anali mwana wosamala, ndipo kusamala kwakeko ndi kumene kunamupereka. Mkodzo ukafuna kudikira umalowa mufiriji. Chakudya chikafuna kudikira chimalowa mufiriji. Anatsegula firiji, kusuntha mabotolo a mkodzo, kuika kabotoloko pakona kuti kasagwe, n'kutseka.

Kenaka anabwerera kwa achimwene ake.

5. Kanthawi kochepa

Kanthawi kochepa ndi wakuba woopsa m'labu. Sathyola chitseko, umamutsegulira wekha.

Mtundu woyamba unayenda bwino. Wachiwiri unavuta: timadontho totuwa tija tinali titakwerana ndi tachikasu, ndipo Mzime anasakasaka kuti apeze kamene kanali pakokha. Ali mkati, foni inalira. Anali dokotala wa kuwodi ya amayi, wokwiya, kufunsa za mkodzo wa dzana. Mzime anathamanga kukayang'ana, kuyankha, kubwerera. Wonyamula zinthu anafika ndi bokosi lina lodzaza. Bambo wina anagogoda pawindo ndi botolo losatsekedwa bwino, lodontha, ndiye panafunika kupukuta, kuthira mankhwala, kusintha magolovesi. Foni inaliranso.

Aliyense amene anafuula, Mzime anamuthandiza. Kabotolo ka mufiriji sikanafuule.

Potsiriza timbale tiwiri ta achimwene tinalowa mu inkubeta, timapepala titayalidwa bwino ngati mabatani a malaya. Mzime anakweza chala chachikulu pawindo. Alamu anaomba m'manja mwakachetechete n'kunyamuka kukauza amuna awo. Mzime anamva kupepuka m'chifuwa, ndipo anayamba kupaka mikodzo ija akuimba chamumtima. Anatsegula firiji kangapo kutenga mabotolo a kutsogolo. Pakona sanayang'anepo.

Dzuwa linali litadutsa pamutu pamene Mayi Sefa analowa. Ulendo uno anali akuyenda mofulumira.

"Ndakumana ndi dokotala wa ana pakhonde. Akuti anatumiza madzi a mumsana m'mawa. Ali kuti?"

Kawaya kanagwa m'manja mwa Mzime.

"Ndafunsa. Ali kuti?"

Mzime analoza firiji.

Mayi Sefa anatsegula, kupisa dzanja pakona, n'kutulutsa kabotoloko. Anakafumbata m'chikhatho. Anatseka maso kamphindi, ndipo Mzime anaona nsagwada zawo zikulimba.

"Kakhala m'menemu chiyambire liti?"

"Chiyambire... atangobweretsa."

Mzime anadikira mphezi. Siinagwe.

"Kukalipa kudikira," anatero mayiwo. "Mwanayu sadikira. Ndipatse magolovesi. Tenga magalasi awiri oyera, utulutse timbale tofiira ndi tabulauni. Zimene uli nazo pathebulopo kankhira uko."

Mayi Sefa anayamba ntchito. Dontho limodzi analiika powerengera maselo. Otsalawo anawazunguza pamakina, n'kupaka pang'ono patimbale, pang'ono pagalasi. Anaumitsa, kuthira utoto, kutsuka, kuthira wina. Manja awo sanaphonye ngakhale kamodzi. Anawerama pamaikulosikopu nthawi yaitali, akusuntha galasi uku ndi uku.

"Bwera uone."

Mzime anaika diso. Maselo a mafinya anali ambiri, koma ochuluka anali ataphulika n'kusanduka nyenyeswa. Apa ndi apo panali tinthu tofiirira tiwiritiwiri, tochepa kwambiri.

Mayi Sefa anali kale pafoni, akuuza dokotala wa ana zimene aona, mtundu umene akuukayikira, mankhwala oti apitirize ndi oti awonjezere, ndiponso kuti onse ogona nyumba imodzi ndi khandalo afunika kutetezedwa. Kenaka anamvetsera kwa nthawi ndithu.

"Lakomokanso kangati? ... Ndamva. Za kumera sindikulonjeza. Pachitika vuto kuno. Ndikubwera ndidzafotokoze."

Anaika foni, kulowetsa timbale mu inkubeta, n'kuona tiwiri tatsopano tija tili pashelefu yapakati. Anatitulutsa, kutiyang'ana, n'kutibweza. Atatero ndi pamene anakoka mpando.

"Khala pansi."

6. Mitembo simera

"Tizilombo ta m'madzi a mumsana n'toopsa m'thupi la munthu, koma kunja kuno n'tanthete," anayamba Mayi Sefa. "Tazolowera kufunda. Ukatiika pozizira timafa. Namwino uja sanafumbate kabotolo pachifuwa chifukwa chokonda kabotolo. Ankakafunditsa. Iwe unakalandira kofunda, n'kukaika pamalo okhawo m'chipinda chino amene akanakapha.

"Zimene waona pagalasipo mwina ndi mitembo. Mtembo umatiuza banja lake, n'chifukwa chake ndatha kuimba foni. Koma mitembo simera. Tikapanda kumeretsa, sitingadziwe dzina lake lenileni, sitingayese kuti ndi mankhwala ati amene akutipha ndi amene tikuwaseka. Mwana akayamba kupeza bwino, tithokoza. Akapanda kutero, dokotala wake adzatifunsa kuti asinthire ku chiyani, ife tidzangotambasula manja.

"Za firijizo ndikanakukhululukira. Sindinakuuze m'mawa, ndipo mbali imeneyo ndi yanga. Munthu wophunzira amalakwa. Koma foni ndinakuuza. Ukanangoimba, ndikanakuuza m'mawu awiri kuti usaike pozizira, ndipo yankho limene ndapereka panoli likanafika kuwodi m'mawa. Sunaiwale kuimba. Unasankha."

"Ndimati ndingomaliza za achimwene," anatero Mzime, misozi ikutsika. "Kutupa kwadumpha mzere. Alamu anali pawindo. Ndimati kanthawi kochepa..."

"Timbale ta achimwene ako waika bwino, sindinama. Tsopano ndiuze, yankho lake lituluka liti?"

"Mawa m'mawa."

"Ndikanaika ine masana ano, likanatuluka liti?"

Mzime anawerengera chamumtima. Tizilombo timafuna usiku wathunthu kuti tionetse mankhwala amene akutigonjetsa. Kuika m'mawa, kuika masana, kuwerenga n'kumodzi.

"Yankha."

"Mawa m'mawa."

"Ndiye achimwene ako wawapindulira chiyani? Palibe. Unatenga m'mawa wa mwana wa eni ake n'kuupereka kwa munthu amene sakanatha kuugwiritsa ntchito. Chimene unathandiza ndi mtima wako ndi maso a alamu ako. Ine pochoka kuno ndinadzera kuwodi ya abambo. Mwendo ndauona, ndayankhula ndi dokotala wawo, tasintha kale mankhwala potengera mmene tizilombo taonekera pakambale, ndipo wavomera kuti sagwira mpeni asanamve za mawa. Zimenezo ndiye zikanatheka lero, ndipo zachitika.

"Mvera, mwana wanga. Ntchito ino ili ndi zinthu zimene ungazifulumizitse ndi zimene sungathe. Kambale sungakakalipire kuti kamere msanga. Koma galasi lija limatenga kanthawi kochepa kwambiri, ndipo kanthawi kameneko kamasintha zimene dokotala achite pa mwana amene akukomoka. Katswiri si amene ali ndi manja othamanga. Ndi amene amadziwa poika changu chake. Iwe changu uli nacho chambiri, koma ukuchimwaza ngati madzi otsukira mbale.

"Ndipo tsiku lililonse padzakhala wina pawindo. Lero alamu, mawa abusa a kumpingo kwanu, mkuja bwana wa chipatala chino. Onse adzakhala ndi zifukwa zomveka, ena adzalira misozi yeniyeni. Ukapanda kuphunzira kunena kuti 'dikirani' kwa munthu amene umamukonda, vula khotilo lero lomwe, ukafune ntchito ina. Si chipongwe. Ndikukuuza ngati mayi ako."

Mzime anapukuta nkhope ndi mkono wa khoti.

"Ndichite chiyani, adokotala?"

"Samba m'manja. Tikupita kuwodi ya ana."

7. Pa bedi la pakona

Khonde linali lalitali, lodzaza ndi anthu odikira. Mayi Sefa anali patsogolo, Mzime pambuyo, mutu uli pansi.

"Dokotala wa ana akufuna kubayanso, mwana akangokhazikika," anatero mayiwo osatembenuka. "Mwina tipeza kanthu, mwina mankhwala aja afafaniza kale zonse. Koma sangabaye mayi wake asanavomere, ndipo mayiyo afunsa chifukwa. Ine sindinamiza wodwala. Mlanduwu ndi wa labu yanga, ndipo kwa akuluakulu ndikayankha ndine. Koma mayiyu ayenera kumva kuchokera kwa munthu amene analandira kabotoloko."

Podutsa pakhomo la wodi ya abambo, alamu anatulukira nkhope ili ngwee.

"Mlamu! Ndawauza achimwene anu. Akuti ankadziwa kuti mwana wawo sangawataye. Lowani muwaone, akukufunsani."

Mzime anaima. Kudzera pachitseko anaona achimwene ake atatsamira pilo, akumukodola ndi dzanja, akumwetulira ndi milomo youma.

"Dikirani, alamu," anatero. Mawuwo anatuluka okhakhala. "Ndibwera."

"Ndidikire? Mungolowa kamphindi..."

"Dikirani."

Anapitirira, alamu atatsala kukamwa yasa.

Wodi ya ana inali kumapeto. Namwino uja anawaona akulowa, anamuyang'ana Mzime kamodzi, n'kuloza bedi la pakona.

Khandalo linagona chammbali, mutu utapendekera kumbuyo, dripi ili pakadzanja komangidwa ndi bandeji. Pamsana pake panali kapulasitala. Linkapuma mofulumira, maso otseka theka. Pambali panakhala mayi wake, mtsikana wosasiyana msinkhu ndi Mzime, chala chimodzi atachilowetsa m'kachikhatho ka mwanayo. Ataona makhoti oyera anaimirira msanga n'kukonza nsalu yake.

"Ndinu a ku labu? Zikomo kwambiri pobwera. Anesi anandiuza kuti ndilimbe mtima, akuti madzi aja akangofika kwa inu, zonse zidziwika. Ndakhala ndikuyang'ana pakhomopo chiyambire m'mawa."

"Zina tazidziwa, mayi, ndipo mankhwala asinthidwa kale," anatero Mayi Sefa modekha. "Koma zina sitinathe. Adokotala apempha kuti atengenso madzi ena pamsana pa mwanayu."

Mayiyo anayang'ana kapulasitala kaja, nkhope itasintha.

"Amubayenso? Munalibe kuno m'mawa, simunamve mmene analirira. Ndinamugwira miyendo ndine. Ndinavomera chifukwa anati n'kamodzi kokha. Nanga madzi aja anatenga aja apita kuti?"

Mayi Sefa anabwerera m'mbuyo phazi limodzi, ndipo Mzime anapezeka ali yekha patsogolo, maso a mayiyo ali pa iye.